Galimoto yotsitsidwa ikamapweteka msana, yang'anani bump stop

Galimoto yotsika imakongola, zimenezo sitingakanirane. Corolla, Golf kapena Mark X ikakhala pansi pang'ono, tayala litadzaza bwino mpata wa m'madigadi, ngakhale munthu wosalabadira za magalimoto amacheuka. Mavuto amayamba mwini wake akailowetsa mumsewu. Galimoto yomwe inkayenda mofewa tsopano ikunjanja, pa hampu iliyonse pakumveka kuti gu, ndipo okhala kumbuyo akudandaula msana. Ambiri amathamangira kunena kuti masipuling'i aafupi omwe aikidwa poitsitsa ndi olimba kwambiri, ena amati ma shock afa. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri gwero la vuto limakhala kachinthu kakang'ono kobisika mkati mwa labala wotchinga fumbi, komwe eni magalimoto ambiri sanakaonepo ndi maso. Amakaniko amakatchula kuti bump stop.

Mukakweza galimoto pa jeke, n'kuchotsa tayala lakutsogolo, muona sipuling'i yozungulira ndipo pakati pake padutsa shock. Kumtunda kwa shock kuli ndodo yachitsulo yonyezimira yomwe imalowa ndi kutuluka, yovekedwa labala wakuda wamakwinya. Kankhirani labalayo m'mwamba kapena pansi ndi zala. Mkati mwake, movekedwa pa ndodo yomweyo, muli kachinthu kachikasu kapena koderako, kotalika ngati chala, kamizeremizere, kosongoka mbali imodzi. Mukakafinya kamafewa poyamba, kenako kamakana. Pa magalimoto ena, makamaka kumbuyo, sikakhala pa shock koma kamamangidwa pa thupi la galimoto mkati mwa sipuling'i. Pa mapikapu okhala ndi masipuling'i a mapale, monga Hilux, ndi chibumwa cha labala chomangidwa pa chesisi pamwamba pa ekiselo.

Ntchito yake yoyamba ndi yosavuta kuimvetsa. Tayala likagunda chinthu, limakwera kulowa m'thupi la galimoto, sipuling'i imafinyika, ndodo ya shock imalowa mkati. Koma ulendo umenewu uli ndi malire. Pakapanda choimitsa, chitsulo chimakumana ndi chitsulo chinzake: pisitoni ya shock imamenya valavu ya pansi, mizere ya sipuling'i imagundana yokhayokha, tayala limakhula madigadi, ndipo mphamvu yonse ya kugundako imalowa m'thupi la galimoto pomwe pamangidwa shock. Bump stop imakhala pakati pa zitsulozo monga momwe nkhata imakhalira pakati pa mutu ndi ndowa yamadzi.

Kale ntchito yake inkathera pomwepo. Inali labala wolimba, wamfupi, yemwe galimoto inkamukhudza mwa apo ndi apo, ikagwera m'dzenje lalikulu kapena ikanyamula katundu wopitirira. Anthu ambiri akadali ndi chithunzi chimenechi m'mutu, ndipo apa m'pamene pamayambira kulakwitsa konse. Pa magalimoto ambiri a masiku ano bump stop si labala wamba. Imapangidwa ndi thovu louma la polyurethane lokhala ndi timabowo ting'onoting'ono todzaza mpweya. Lodziwika kwambiri ndi Cellasto, lopangidwa ndi kampani ya ku Germany ya BASF. Thovuli limatha kufinyika kwambiri osafufuma m'mbali, ndiye limakwana m'malo opanikizika, ndipo limalimba pang'onopang'ono: mamilimita oyamba limangogonja, pakati limayamba kukana, kumapeto limalimba ngati mtengo. Akatswiri opanga magalimoto ataona khalidwe limeneli anayamba kuligwiritsa ntchito ngati sipuling'i yachiwiri. Amaika sipuling'i yachitsulo yofewa kuti galimoto iziyenda mosalala pa tala, ndipo amaika bump stop yaitali yomwe imayamba kuthandiza msanga, galimoto ikapendekeka pa kona, ikagwira mabuleki mwamphamvu kapena ikanyamula anthu. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, mpata wa pakati pa bump stop ndi shock galimoto itaima ndi wochepa kwambiri, mwina kuposa momwe mungaganizire. Woyendetsa samva kuti yakhudzidwa chifukwa nsonga yake ndi yofewa.

Tsono taganizani zomwe zimachitika mukaika masipuling'i aafupi. Kutsitsa galimoto sikusuntha malire aja. Shock ndi yomweyo, utali wake ndi womwewo, pomwe chitsulo chimakumana ndi chitsulo ndi pomwepo. Chomwe mwachita ndi kuyambitsa ulendo wa tayala pafupi ndi mapeto ake. Mamilimita onse omwe mwatsitsa mwawachotsa pa mpata womwe tayala linali nawo wokwerera.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti zimveke. Tinene kuti galimoto itaima, ndodo ya shock ili ndi mamilimita 90 oti ilowe isanafike pamapeto, ndipo bump stop yake ndi yotalika mamilimita 65. Ndiye kuti pali mpata wa mamilimita 25 isanakhudzidwe. Mwagula masipuling'i otsitsa ndi mamilimita 35. Ulendo wonse watsala mamilimita 55, koma bump stop ikadali ya 65. Galimoto isanayende n'komwe, isanakwere munthu, yakhala kale pa bump stop, itaifinya. Nsonga yofewa ija yatha ntchito galimoto ili pa galaja, ndipo hampu yoyamba ikupeza gawo lolimba likudikira. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti pa katoni palembedwa 35 koma galimoto yangotsika mwina 25 yokha. Masipuling'i sananame ayi. Bump stop ndi yomwe yanyamula gawo la kulemera kwa galimoto.

Manambalawa amayenda chonchi pa mtundu wa sasipenshoni wotchedwa MacPherson strut (strut ndi shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi ngati mwendo umodzi), womwe uli kutsogolo kwa magalimoto ang'onoang'ono ambiri monga Vitz, Fit, Corolla ndi Polo. Dzinali ndi la Earle MacPherson, injiniya wa ku America yemwe anaukonza m'zaka za m'ma 1940, ndipo unafala ndi magalimoto a Ford Consul ndi Zephyr ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Pa mtundu umenewu shock ili pafupi kwambiri ndi tayala, ndiye tayala likakwera milimita imodzi, shock nayo imalowa pafupifupi milimita imodzi. Pa magalimoto omwe shock yamangidwa pakati pa mkono wa sasipenshoni, shock imayenda pang'ono kuposa tayala, choncho kutsitsa thupi ndi mamilimita 35 kumadya ochepera apo pa shock. Musatenge muyeso wa galimoto ya mnzanu n'kuuika pa yanu ngati si za mtundu umodzi.

Galimoto yokhala pa ma bump stop imadziwika ndi kayendedwe kake. Siyenda molimba chabe, imanjanja. Pa msewu wa mafunde ang'onoang'ono mutu wa woyendetsa umangogwedera mwachangu osaleka. Chifukwa chake n'chakuti shock inakonzedwa kuti izilamulira sipuling'i yofewa, koma tsopano ikulimbana ndi sipuling'i yatsopano yolimbirapo kuphatikizapo bump stop yofinyika kale, ndipo zonse ziwiri zikamabweza mphamvu, shock imalephera kuzigwira. Kunjanjako kumatopetsa, koma chondidetsa nkhawa ine si msana. Tayala lomwe likudumpha limakhala nthawi ina lisakugwira pansi mokwanira, ndipo tayala lotero silingagwire mabuleki kapena kukhota bwino. Pa kona, mbali yomwe yayamba kufika pa gawo lolimba la bump stop ndi yomwe imayamba kutaya msewu. Ikakhala yakutsogolo, mumakhotetsa chiwongolero koma galimoto imafuna kupitirira molunjika. Ikakhala yakumbuyo ndiye zoopsa zenizeni, chifukwa matako a galimoto amatha kuthawira kunja mwadzidzidzi, makamaka mukakumana ndi chigwembe pakati pa kona, kumbuyo kuli anthu atatu ndi katundu. Aliyense amene anatsikapo mapiri a ku Chiweta kapena kutsetsereka kuchoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa akudziwa kuti kona ndi chigwembe zimakonda kubwera pamodzi. Munthu amatsitsa galimoto pokhulupirira kuti izigwira msewu kwambiri, koma akapanda kusamala za kachinthu aka amapeza zosiyana ndi zomwe ankafuna.

Amakaniko ena akazindikira kuti vuto ndi bump stop amangoichotsa n'kuitaya. Tsiku loyamba mwini galimoto amasangalala, chifukwa kunjanja kwachepa ndipo galimoto yatsikanso pang'ono. Koma apa m'pamene wagula mavuto okwera mtengo. Dzenje loyamba lalikulu, pisitoni imamenya pansi pa shock. Ma shock ambiri a magalimoto wamba ndi a machubu awiri, okhala ndi valavu yosalimba pansi pake, ndipo valavu imeneyo ikamenyedwa kangapo shock yatha, ngakhale kunja izioneka yatsopano. Ndodo imatha kupindika, oyilo n'kuyamba kutayikira. Mawunti ya pamwamba, yomwe imalumikiza shock ku thupi la galimoto, ndi bering'i yake zimaphwanyika. Ndipo pa magalimoto akale, chitsulo cha thupi pomwe pamangidwa shock chimatukumuka kapena kung'aluka, chomwe chimafuna owotcherera ndipo sichibwerera mwakale. Kumbukirani kuti mphamvu ya kugunda sikwera mofanana ndi liwiro: mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo imakwera kanayi. Dzenje lomwe galimoto imatha kupirira pa liwiro la 30 lingaononge zambiri pa 60.

Pali njira ina yomwe ndi yoipa kuposa zonse, ndipo ndi yofala chifukwa ndi yotchipa: kudula masipuling'i akale ndi gilayinda, kapena kuwaotcha ndi gasi mpaka atakhala pansi. Kudula mzere umodzi kapena iwiri kumalimbitsa sipuling'i pang'ono, koma osati mokwanira kubweza mpata womwe watayika, ndiye galimoto imafika pa bump stop msanga kuposa ya masipuling'i ogula. Komanso mathero a sipuling'i yodulidwa sakhala bwino pa mpando wake, ndipo tayala likalendewera pa hampu, sipuling'i yofupikayo imatha kuchoka m'malo mwake. Kuotcha ndiye kumapha chitsulo. Moto umachotsa kulimba komwe chitsulocho chinapatsidwa ku fakitale, sipuling'i imapitiriza kutsika mwezi ndi mwezi, mbali iliyonse mosiyana, mpaka tsiku lina imathyoka. Galimoto yotere palibe bump stop yomwe ingaipulumutse. Ngati ndalama ya masipuling'i enieni palibe, ndi bwino kuisiya galimoto momwe inabwerera.

Makampani odziwika a masipuling'i otsitsa, monga Eibach ndi H&R a ku Germany kapena Tein ndi RS-R a ku Japan, amadziwa bwino nkhaniyi. Masipuling'i awo amakhala olimbirapo kuposa a ku fakitale kuti galimoto isamamalize msanga mpata wochepa womwe watsala, ndipo ofala kwambiri amatsitsa pang'ono chabe, pafupifupi mamilimita 25 mpaka 40. Pa nkhani ya bump stop malangizo awo amasiyana galimoto ndi galimoto. Pa zina amaika ma bump stop aafupi m'katoni momwemo. Pa zina amalemba kuti mudule mamilimita akutiakuti, n'kujambula mbali yoti mudule. Pa zinanso amanena kuti musadule, chifukwa anawerengera kale kuti bump stop ya ku fakitale izigwira ntchito limodzi ndi sipuling'i yawo. Kapepala kameneka kamatayidwa pamodzi ndi katoni nthawi zambiri, chonsecho ndi kofunika ngati masipuling'i enieniwo.

Funso lomwe anthu amakangana kwambiri ndi lakuti podula, mudule mbali iti. Mbali zonse ziwiri zili ndi mtengo wake. Mukadula nsonga yosongoka, mwataya gawo lofewa lomwe limalandira kugunda mwaulemu. Mpata mwaupeza, koma galimoto ikangokhudza bump stop imakumana ndi gawo lolimba nthawi yomweyo, ndipo mumamva kumenya. Mukadula mbali yonenepa, kufewa koyamba kumatsala, koma mwachepetsa gawo lomwe limapirira kugunda kwakukulu, ndipo pa magalimoto ambiri mbali imeneyo ndi yomwe ili ndi mphako yogwira labala wa fumbi kapena yolowa mu mawunti. Labala wa fumbi akasowa pogwira amagwa, ndodo ya shock imakhala pamtunda, ndipo fumbi la m'misewu yathu silichedwa kudya silu yotsekera oyilo mu shock. Maganizo anga ndi akuti pomwe wopanga masipuling'i wanena, tsatirani zomwe wanena. Pomwe palibe malangizo, kugula bump stop yaifupi yopangidwira ntchitoyo n'kwabwino kuposa kudula, chifukwa imakhala ndi nsonga yofewa ndi tsinde lolimba zonse pamodzi, mu utali wochepa. Ngati palibe kuchitira mwina koma kudula, dulani pang'ono, pa mzere umodzi, ndi mpeni wakuthwa, molunjika, mbali ya kumanja ndi ya kumanzere mofanana ndendende. Chomwe mwadula sichibwereranso.

Koma kudula kuli ndi malire ake omwe ambiri sawaganizira. Bump stop ikafinyika kotheratu imatsala ndi kunenepa kwina, ndipo kunenepa kumeneko ndiko kumaonetsetsa kuti sasipenshoni yaima chinthu china chisanagunde. Mukaifupikitsa kwambiri, chotsatira pa mzere chimayamba kulandira nkhonya: mwina tayala likhula mkati mwa madigadi, mwina mizere ya sipuling'i igundana, mwina bolo jointi ifika pomwe singapindikenso. Makaniko wosamala amayesa zimenezi asanamange. Amachotsa sipuling'i, n'kubwezera shock ndi tayala popanda sipuling'iyo, kenako amakweza mkono wa sasipenshoni ndi jeke pang'onopang'ono, akukhotetsa chiwongolero uku ndi uku, kuti aone chomwe chiyambe kugunda. Bump stop iyenera kumaliza ntchito yake malo amenewo asanafike. Ndipo pochotsa sipuling'i pa strut pamafunika chofinyira chake chenicheni, osati zingwe kapena waya, chifukwa sipuling'i yofinyidwa ikapulumuka imatha kuphwanya nkhope ya munthu.

Pali kayesedwe kena kosavuta komwe mwini galimoto angachite yekha. Galimoto itaima pamalo osalala, matayala ali pansi, kwezani labala wa fumbi muone ngati pali mpata pakati pa bump stop ndi mutu wa shock. Kenako mangani kachingwe kapulasitiki komangira mawaya pa ndodo ya shock, mukatsitse mpaka kakhudze mutu wa shock. Yendani msewu womwe mumayenda masiku onse, ndi anthu omwe mumanyamula masiku onse. Pobwera muone pomwe kachingweko kakankhidwira. Ngati kalowa mpaka mkati mwa bump stop pa ulendo wamba wopanda maenje, ndiye kuti galimoto yanu ikukhalira pomwepo nthawi zambiri. Mukamaliza kachotseni.

Nthawi zina yankho silikhala pa bump stop konse, koma pa shock. Pali ma shock opangidwira masipuling'i aafupi, monga Bilstein B8, omwe ndodo yake ndi yofupikirapo kuti sipuling'i isamasuke tayala likalendewera. Palinso ma coilover, omwe ndi shock ndi sipuling'i zobwera pamodzi zosinthika msinkhu, ndipo ena mwa iwo amalola kufupikitsa thupi la shock lenilenilo m'malo mongotsitsa mpando wa sipuling'i, kotero galimoto imatsika koma ulendo wa ndodo sutayika wonse. Ndi okwera mtengo, inde, koma amene akufuna kutsika kwambiri alibe njira ina yabwino. Dziwaninso kuti ma strut ena a Bilstein ali ndi bump stop mkati mwake, yosaoneka kunja, ndiye kuika ina pamwamba pake n'kulakwitsa.

Nkhaniyi ikukhudza ngakhale amene sanaganizepo zotsitsa galimoto. Magalimoto ambiri omwe timayendera ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, obwera kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Ku Japan kutsitsa magalimoto n'kofala, ndipo malamulo awo amalola malinga ngati pansi pa galimoto patsala masentimita 9. Pa misewu ya ku Tokyo kapena Nagoya masentimita 9 amakwana. Pa mahampu a m'matauni athu ndi misewu yafumbi ya m'makwalala nthawi ya dzinja sakwana. Ndiye munthu amaitanitsa Altezza kapena Fit poona zithunzi, osadziwa kuti mwini wake woyamba anaika masipuling'i otsitsa, ndipo mwina anadulanso ma bump stop. Chizindikiro chake nthawi zambiri ndi utoto: masipuling'i a ku fakitale amakhala akuda, pomwe ogula padera ambiri amakhala ofiira, obiriwira kapena abuluu, olembedwa dzina la kampani. Amene akubwezeretsa galimoto yotere pa msinkhu wake agulenso ma bump stop a utali wa ku fakitale, chifukwa sipuling'i yofewa ya ku fakitale inakonzedwa kuti izithandizidwa ndi bump stop yathunthu.

Ndipo kulemetsa galimoto kumachita zomwezomwe kutsitsa kumachita. Sienta yonyamula anthu opitirira, minibasi ya Hiace yodzaza matumba, pikapu yosenza chimanga mpaka masipuling'i a mapale atawongoka, zonsezi zadya mpata wa tayala ndipo zikuyenda zitakhala pa labala. Masipuling'i otopa ndi ukalamba nawo amatsitsa galimoto mwakachetechete. Kusiyana kwake n'kwakuti wotsitsa mwadala amakhala ataika sipuling'i yolimbirapo, pomwe wolemetsa alibe ngakhale chimenecho.

Thovu la bump stop nalo limakalamba. Madzi, kutentha ndi oyilo wotayikira kuchokera mu shock zimalifooketsa mpaka limayamba kunyenyeka. Si zachilendo kukweza labala wa fumbi pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu n'kupeza zinyenyeswa zachikasu zokhazokha pa mpando wa sipuling'i. Pa galimoto yotsitsidwa zimachitika msanga chifukwa bump stop imagwira ntchito pafupifupi nthawi zonse. Poti kuisintha kumafuna kumasula strut yonse, nthawi yabwino ndi pamene mukuika masipuling'i kapena ma shock. KYB, Monroe ndi makampani ena amagulitsa bump stop pamodzi ndi labala wa fumbi ngati phukusi limodzi, ndipo mtengo wake ndi wochepa pouyerekeza ndi shock yomwe ikutetezedwa.

Zonse zikamangidwa, mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itakhala pa matayala ake, osati ikulendewera pa jeke, apo ayi labala wa mabushi amakhala wopotoka nthawi zonse n'kung'ambika msanga. Kenako pitani ku alayimenti, chifukwa kutsitsa kumasintha momwe matayala aimira ndipo amayamba kudyeka mkati. Pomaliza kwezani anthu anayi, muike katundu m'buti monga mmene mumachitira popita kumudzi, muyang'anenso mpata wa kumbuyo. Ngati watheratu galimoto isanasunthe, masipuling'i amenewo ndi aafupi kwambiri pa ntchito yomwe galimoto yanu imagwira, ndipo ofunika ndi otsitsa pang'ono kapena a ku fakitale.